Thandizo la maphunziro pa yunivesite ya boma: mmene ndinalionera ine woyamba kufikako m'banja mwathu

Ndinakhala zaka zinayi ndi theka pa imodzi mwa mayunivesite a boma m'dziko muno, ndipo theka lowonjezeralo linabwera chifukwa cha mliri wa Covid-19 umene unatseketsa sukulu zonse mu Malichi 2020. Dzina la yunivesiteyo sinditchula, pakuti zimene ndinenezi zikukhudza anthu amene akugwirabe ntchito kumeneko, ndipo ena mwa iwo anandichitira zabwino zimene sindidzatha kubweza. Chimene ndikufuna kuunika ndi thandizo limene sukuluyo imapereka kunja kwa kalasi kuti wophunzira akhoze, kuyambira ku laibulale, m'maofesi a aphunzitsi, mpaka ku chipinda cha makompyuta. Ndikuunika monga munthu amene kwawo, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, kunalibe amene anapondako pa yunivesite. Bambo anga analekezera Sitandade 6, mayi anga amalemba dzina lawo lokha, ndipo ine MSCE ndinalembera pa sekondale yoyendera ya kumudzi, ija timaitcha CDSS, imene laibulale yake inali kabati imodzi mu ofesi ya ahedi.

Anthu a mtundu wanga sitilinso ochepa monga kale. Pamene University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 inali ndi ophunzira 90 okha, ndipo kwa zaka zoposa 30 inali yokhayo ya boma, mpaka Mzuzu University italandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Kenako kunabwera LUANAR mu 2012, MUST ya ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu, kubala MUBAS ndi KUHeS. Kumunsi nako zinthu zinali zitasintha kale: boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ambiri mwa amene anapitirira ku sekondale anadutsira m'ma CDSS. Ine dzina langa litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, fizi ndinalipira ndi ngongole ya bungwe la HESLGB limene linakhazikitsidwa mu 2015. Zonsezi zimamufikitsa mwana wa mlimi pa geti la sukulu. Ndemanga ino ikunena za amene amamulandira akalowa.

Thandizo lilipo, lina ndi labwino kwambiri, ndipo pafupifupi lonse salipiritsa kanthu kwa amene analembetsa kale. Vuto lake ndi lakuti limayenda motsatira mwambi uja wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sukulu imakhazika anthu m'maofesi n'kumadikira kuti wovutikayo abwera yekha. Kwa mwana wa mphunzitsi wa sekondale kapena wa mkulu wa m'boma, amene anakula akumva amalume ake akusimba za ku koleji, njira imeneyi imagwira ntchito. Kwa ife imagwira mochedwa, chifukwa m'miyezi yoyamba sitidziwa n'komwe kuti m'mimba mwayamba kupota, ndipo tikadziwa, chitseko chake sitichidziwa; ngakhale titachidziwa, tinaleredwa kuti mwana sagogoda pakhomo pa wamkulu asanaitanidwe.

Za sabata yolandirira ophunzira atsopano sindinena zambiri, chifukwa nayonso sinandisiyire zambiri. Tinadzaza holo, akuluakulu ankasinthana pa maikolofoni, aliyense kutchula ofesi yake m'Chingerezi chothamanga chimene makutu anga anali asanachizolowere, ndipo ine maganizo anali pa kumene ndigone usiku umenewo poti malo m'hositelo anali atatha. Anatiyendetsanso mu laibulale tili chigulu, moti amene tinali kumbuyo tinangoona dzanja la wolongosolayo likuloza uku ndi uku. Zimene munthu angafune kudziwa m'zaka zinayi zinanenedwa zonse sabata imeneyo, nthawi imene tinalibe funso ndi limodzi lomwe, ndipo sizinabwerezedwenso pamene mafunso anafika.

Laibulale ndiyo ndiipatsa ulemu waukulu, ndipo ulemuwo ukupita makamaka kwa amayi ena amene ankakhala pa tebulo la mabuku obwereka kwa maola ochepa. Titapatsidwa asayimenti yoyamba, mphunzitsi anatipatsanso mndandanda wa mabuku, ndipo ine ndinayamba kuwafunafuna monga mmene munthu amafunira mbuzi yosokera, shelefu ndi shelefu, kuwerenga msana wa buku lililonse. Zilembo ndi manambala omatidwa pamisanapo ndinkayesa ndi za ogwira ntchito, zowerengera katundu wawo. Kompyuta ya katalogi inali pafupi ndi khomo, koma sindinayerekeze kuikhudza, kuopa kuti ndikaiwononga ndilipira ndi chiyani. Tsiku lachitatu amayi aja anandikodola.

"Achimwene," anatero m'Chichewa, motsitsa mawu kuti ena asamve, "lero ndi kachitatu mukuzungulira muno ngati mwataya ndalama. Tabwerani nacho kuno chipepala chanucho."

Anatenga mndandandawo, anandiimika pa kompyuta, n'kundiuza kuti ndilembe ndekha dzina la mlembi woyamba. Chala changa chinatenga nthawi kupeza chilembo chilichonse, koma sanandilande kiyibodi ndiponso sanaonetse kutopa. Nambala itatuluka anandiuza kuti ndiilembe m'kope, anandiperekeza mpaka pa shelefu, n'kundionetsa mmene manambalawo amatsatirana kuchoka kumanzere kupita kumanja, kenako shelefu ya m'munsi. Pomaliza anandiululira kuti mabuku atatu mwa asanu a pamndandandawo sanali m'mashelefu n'komwe, anali kuseri kwa tebulo lawo, ndipo munthu amawabwereka kwa maola awiri akasiya chiphaso chake cha sukulu. Zonsezi sizinapitirire mphindi 15. Ndikaganiza lero ndimaona kuti zimene zinapangitsa thandizo limeneli kugwira ntchito ndi zoti iwo ndi amene anayamba kundiyankhula, ndiponso kuti anandiyankhula m'chiyankhulo chimene sindikanachita nacho manyazi. Sindikhulupirira kuti chimodzi mwa ziwirizi chinalembedwa m'malamulo a ntchito yawo, ndipo anzanga amene anapeza munthu wina pa tebulo lomwelo anangouzidwa kuti akaone pa katalogi.

Zofooka za laibulale ndi zimene aliyense wophunzira m'dziko muno angayembekezere. Buku limene kalasi ya anthu oposa 200 ikulifuna limakhalapo awiri kapena atatu okha, ndipo ophunzira ena akalipeza amakalibisa mu shelefu ya phunziro lina kuti azilipeza okha, pamene ena amang'amba mutu wonse umene akuuganizira kuti ubwera pa mayeso. Mayeso akayandikira anthu amafola pakhomo asanatsegule, ndipo mipando imasungidwa ndi majuzi eni ake atapita kukadya. Koma chimene chinandiwawa koposa ndinachidziwa m'chaka chachitatu, pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi sukulu inali ndi mwayi wotsegula magazini a kafukufuku pa intaneti, monga a JSTOR komanso a Hinari ndi AGORA, njira ziwiri zimene mabungwe a WHO ndi FAO anayambitsa mu 2002 ndi 2003 kuti mayiko osauka aziwerenga kafukufuku kwaulere kapena pamtengo wotsika. Ogwira ntchito ankaphunzitsa kagwiritsidwe kake, ndipo nditapitako ndinapeza kuti amaphunzitsa bwino, koma chidziwitso chake chinali pepala limodzi pa bolodi, lolembedwa ndi mawu aakulu a Chingerezi amene sanandiuze kuti m'menemo muli mankhwala a nthenda yanga. Zaka ziwiri ndinalimbirana mabuku atatu ong'ambika ndili ndi zolemba zikwizikwi pafupi.

Maola amene aphunzitsi amalandira ophunzira m'maofesi ndiwo thandizo la mtengo wapatali kuposa onse, komanso ndi limene mwana wa kumudzi amaliopa kuposa onse. Asayimenti yanga yachiwiri inabwera ndi malikisi 34 ndi liwu limodzi lofiira pamwamba, lakuti plagiarism. Mu dikishonale ndinapeza kuti likutanthauza kuba zolemba za wina, ndipo ndinamva ngati andigwira ndi chimanga cha eni. Sindinkadziwa kuti ndaba. Ku CDSS wokhoza bwino anali amene wabweza notsi za aphunzitsi liwu ndi liwu, ndipo kusintha mawu a m'buku tinkakuona ngati kudzikuza kapena kuika malikisi pachiswe. Pa chitseko cha mphunzitsiyo panamatidwa kapepala kosonyeza masiku ndi nthawi yoonana ndi ophunzira. Ndinafika pa nthawi yake, pepala lili m'manja, ndipo ndisanagogode ndinamva mawu a mnyamata wa m'kalasi mwathu, amene anaphunzira pa sukulu yodula ya m'tauni, akutsutsana ndi mphunzitsiyo za malikisi awiri, onse akuseka. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi n'kubwerera. Kwathu munthu wa msinkhu ndi maphunziro otero sungamufunse kuti walemberanji chakuti, ndipo ine ndinkaganiza kuti kapepala ka pa chitseko kaja n'ka ophunzira amene aitanidwa.

Sabata yotsatira ndinalimba mtima. Kawiri ndinapeza potseka pa nthawi yomwe inalembedwayo, kachitatu ndinawapeza.

"Lowani. Khalani pampandopo," anatero.

Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, manja pakati pa mawondo. Anatenga pepala langa, anatsegula buku limene ndinakoperamo, anandiwerengetsa ndime imodzi, n'kutseka bukulo.

"Tsopano tandiuzani zimene wanena mkuluyu, ngati mukuwauza amayi anu kumudzi."

Ndinawauza, mwa chibwibwi, Chingerezi ndi Chichewa chosakaniza. Iwo anati zimene ndanenazo ndi zimene ndinayenera kulemba, kenako n'kuika dzina la mlembi ndi chaka cha bukulo, ndipo anandionetsa pa pepala mmene zimalembedwera. Ndikutsanzika anandifunsa chifukwa chimene sindinabwerere ndisanapereke asayimentiyo.

"Sindimadziwa kuti zimaloledwa, bwana," ndinayankha.

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

Mphindi 20 zimenezo zinandiphunzitsa zambiri kuposa semesita yonse ya phunziro lokhudza kalembedwe. Komabe ndikanama ndikati ndi mmene zimakhalira nthawi zonse. Pali aphunzitsi amene kapepala ka pa chitseko amakalemekeza ngati pangano, ndipo pali ena amene kanamatidwa zaka zapitazo n'kuiwalika. Sindiwaweruza onse mofanana, chifukwa munthu amene akuphunzitsa makalasi atatu a anthu mazanamazana, kuchonga yekha mapepala onsewo, kuyang'anira kafukufuku wa a chaka chomaliza komanso kukhala m'misonkhano ya dipatimenti, sangapezeke pa mpando nthawi zonse. Koma chitseko chotseka sichipweteka ophunzira mofanana. Wozolowera amangotumiza uthenga pa foni n'kupangana tsiku lina, pamene mnzanga ndi ine tikapeza potseka kamodzi timati Mulungu watipulumutsa ku manyazi, ndipo ambiri sabwereranso.

Phunziro la luso la chiyankhulo ndi kalembedwe, limene aliyense wa chaka choyamba amatenga, lili ndi zofunika zenizeni: kulemba notsi mphunzitsi akuyankhula, kuyala ndime, kutchula mabuku motsatira njira ya APA kapena ya Harvard. Cholakwika ndi kaperekedwe kake. Kulemba sikuphunziridwa pomvera munthu ali kutsogolo kwa holo, monganso kupalasa njinga sikuphunziridwa pomvera, ndipo chimangirizo chimodzi chimene tinalemba chinabwerera mayeso atadutsa kale, chili ndi nambala yokha. Mayunivesite ena a ku South Africa, monga University of Cape Town ndi University of the Western Cape, akhala ndi zipinda zothandizira kulemba kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kumene wophunzira amapita ndi zimene walemba asanapereke, n'kukhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa ntchitoyo kuti aziwerengere limodzi. Pa sukulu yathu, nthawi yanga, malo otero kunalibe, ndipo ndikuona kuti ili ndilo dzenje lalikulu pa thandizo lonse.

Chipinda cha makompyuta chinali chothandiza kwa odziwa kale kompyuta. Aphunzitsi ankafuna asayimenti yotayipa kuyambira mwezi woyamba, ndipo ife amene tinali tisanagwirepo mausi tinkalemba pamanja n'kukalipira anyamata a ku msika kuti atitayipire, ndalama imene inayenera kukhala ya ndiwo. Nthawi ya Covid-19, pamene notsi zinayamba kubwera pa intaneti ndi pa WhatsApp, kusiyanaku kunakula, pakuti ena ankawerenga pa laputopu m'nyumba ya magetsi, ine ndikukwera chulu kuseri kwa munda kufuna netiweki ndi foni yobwereka. Ofesi yoona za umoyo wa ophunzira tinkaidziwa ngati ya milandu, maliro ndi mavuto a ngongole. Kuti mulinso mlangizi amene ungamuuze kuti mutu sukugwira chifukwa wagona ndi njala ndinamva mochedwa, ndipo amene anapitako anandiuza kuti analandiridwa mwaulemu.

Nanga ambiri a ife tinadutsa bwanji? Tinadutsa pamsana pa makonti, ophunzira a zaka zapatsogolo. Amene anandiuza kuti malikisi a ntchito za mkati mwa semesita amaphatikizidwa ndi a mayeso omaliza, kuti mayeso a sapu ndi mwayi wachiwiri umene superekedwa kwa aliyense, ndiponso kuti mapepala a mayeso akale amapezeka kuti, anali mnyamata wa chaka chachitatu wa m'boma la kwathu amene ndinakumana naye ku mapemphero a SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu. Usiku tinkasonkhana m'kalasi yopanda anthu, iye ali pa bolodi ndi choko chotola, kufotokoza m'Chichewa zimene masana zinatidutsa m'Chingerezi, ndipo m'menemo munthu ankafunsa funso lopusa popanda womuseka. Sukulu sinkadziwa za kalasi imeneyi ndipo sinamupatse mnyamatayo ngakhale tambala. Kuipa kwake ndi kwakuti zimadalira mwayi. Ukapeza konti wanzeru wapulumuka, ukapeza wongoloweza mayankho a zaka zam'mbuyo umatengera zolakwa zake zomwe, ndipo atsikana anzathu ena anapeza makonti amene thandizo lawo linali ndi mtengo wina umene sunali wa ndalama.

Palinso amene sanapeze konti aliyense. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wa phee, wochokera ku CDSS ya kutali kuposa yathu, amene anakhoza MSCE kuposa ine. Ankawerenga mpaka tambala woyamba, kuloweza notsi monga anazolowera, ndipo ntchito zake za mkati mwa semesita zinkabwera ndi malikisi otsika imodzi ndi imodzi. Malikisi amenewo anali m'mabuku a dipatimenti kuyambira mwezi wachiwiri, kutanthauza kuti sukulu inkadziwa za vuto lake iye mwini asanalimvetse, koma panalibe amene ntchito yake inali kuona manambalawo n'kumuitana. Kumapeto kwa chaka anachotsedwa chifukwa cholephera. Liwu limene ophunzira amatchulira zimenezi ndi la Chingerezi lotanthauza kuzula udzu m'munda. Kalata yomuchotsa inali yoyamba imene ofesi iliyonse ya pa sukulupo inamulembera m'dzina lake chilembetsereni. Ndinamuperekeza ku depoti atanyamula chikwama chomwe anabwera nacho, ndipo chimene chinkamuvuta kwambiri chinali choti akanena chiyani kwa anthu a kumpingo kwawo amene anamusonkhera ndalama ya ulendo.

Njira yochepetsera zotere inapezeka kale kwina. Mu 1973 mayi Deanna Martin a ku University of Missouri–Kansas City ku America anayambitsa ndondomeko yotchedwa Supplemental Instruction, imene mayunivesite ena a ku South Africa anaitenganso m'zaka za m'ma 1990. Nzeru yake ndi yakuti sasankha ophunzira ofooka, amasankha maphunziro amene chaka ndi chaka amagwetsa anthu ambiri. Wophunzira amene anakhoza bwino phunzirolo amaphunzitsidwa kutsogolera anzake, amalowanso m'kalasi limodzi ndi atsopanowo, kenako sabata iliyonse, kuyambira koyambirira kwa semesita, amakumana nawo m'magulu amene aliyense ali ndi ufulu kulowa. Popeza wanzeru ndi wovutika amakhala pa benchi imodzi, palibe amene amalozedwa chala kuti ndi mbuli. Izi sizikusiyana kwenikweni ndi kalasi yathu ya usiku ija, kungoti zili ndi nthawi yodziwika, chipinda chodziwika, wotsogolera wophunzitsidwa, ndi mphunzitsi amene akudziwa zimene zikuphunzitsidwamo. Sukulu imene ili ndi makonti ochita kale ntchitoyi kwaulere siingasowe poyambira.

Kwa amene wasankhidwa chaka chino ndipo kwawo kulibe womufotokozera, thandizo la pa sukulu ngati yathu ndikulivomereza, koma alitsate yekha ndipo alitsate msanga, malikisi oyamba asanabwere. Kapepala ka pa chitseko cha mphunzitsi n'ka wophunzira aliyense, ndipo kupita ndi asayimenti isanaperekedwe n'kololedwa. Akapeza potseka afunse mlembi wa dipatimenti tsiku limene mwini ofesiyo amapezeka. Zolipira zimene ndinakumana nazo ndi fotokope, kupulinta, ndi chindapusa cha buku lobweza mochedwa, chimene pa mabuku a maola ochepa aja chimakwera msanga. Ku laibulale apite m'sabata yachiwiri kapena yachitatu, m'mawa wa pakati pa sabata pamene ambiri ali m'makalasi ndipo ogwira ntchito ali ndi mpata, atenge chiphaso chake ndi mndandanda wa mabuku, apemphe kuti amuonetse katalogi, mabuku a kuseri kwa tebulo, ndi tsiku limene amaphunzitsa za magazini a pa intaneti.